Box 2 ya ku Zomba: ndemanga ya malume amene walipirako fizi

Makolo amene ana anu angolemba kumene mayeso a Sitandade 8 ndipo mukulota za Zomba Catholic, sekondale ya anyamata ija amati Box 2, kapena dzina latuluka kale pa selekishoni nde mutu ukuzungulira kuti tiyambira pati, khalani pansi ndikuuzeni mmene ine ndaionera sukuluyi. Ine sindinaphunzireko, ndine wa pa CDSS ine, koma mwana wa achemwali anga wadutsa kumeneko kuyambira Fomu 1 mpaka kulemba MSCE ndipo fizi, thiransipoti, kamba, zonsezo zinali pamutu panga monga mukudziwa udindo wa malume kwathu kuno. Nde ndikuyankhula ngati kasitomala amene ndalama yake inapita kumeneko, osati ngati ma old boy aja oti ukangotchula Box 2 amayamba kukusimbira za m'ma 70 mpaka iwe kuiwala chimene unabwerera.

Chigamulo ndichiike pompano kuti amene bandulo yawatsalira pang'ono asavutike kufika kumapeto. Sukuluyi ndi yabwino, ndipo atati asankhidwenso mwana wina wa pabanja pathu mbuzi ndingagulitse mosanyinyirika. Koma anthu ambiri amaitama pa chifukwa cholakwika. Amaona ngati kuli mankhwala ena ake, kuti ma Brother a Katolika oyendetsa sukuluyi ali ndi kachinsinsi kosandutsa mbuli kukhala dokotala. Ayi ndithu. Mwana amene amalowa pageti paja amakhala ali dolo kale, anaphwanya kale PSLCE nkusiya anzake zikwizikwi kumbuyo. Ntchito imene sukuluyi imagwira, ndipo imaigwira bwino, ndi yosamuononga mwanayo, kumusunga pamzere zaka folo pa msinkhu umene anyamata ambiri amatayikira. Zikumveka zochepa eti? Kafunseni kholo limene mwana wake anali nambala wani ku pulaimale kenako pofika Fomu 3 wayamba chamba ndi kugona ku vidiyo sho, akuuzani kuti si zochepa.

Mbiri yake kaye pang'ono, poti ena amangomva Box 2 osadziwa kuti ndi keyala chabe ya ku positi, monga a ku Dedza Government amadzitchulira Box 48. Sukuluyi inatsegulidwa mu 1942, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili mkati, Zomba ali likulu la Nyasaland, bwanamkubwa akukhala konko. Nthawi imeneyo dziko lonseli linali ndi sekondale imodzi yokha, Blantyre Secondary School, yomwe nayo inali itangoyamba kumene ndipo kumbuyo kwake kunali mamishoni a Chipulotesitanti. Dedza ya boma inabwera mochedwa, mu 1951. Nde tangoganizani, atsamunda anatenga dziko lino mu 1891, msonkho akutolera chaka ndi chaka, koma zaka pafupifupi 50 nkutha popanda sekondale yeniyeni olo imodzi, mnyamata wanzeru akafuna kupitirira ndi sukulu kunali kutuluka, ena ku Southern Rhodesia, ena ku South Africa, ena ku Uganda. Anyamata oyamba kulowa ku Zomba kuja anali anthu owerengeka kwabasi m'dziko lonse.

Akatolika anali atatsalira pa nkhani ya maphunziro apamwamba, izi olo iwo sangakane. Aku Scotland anafika kale, Livingstonia mu 1875, Blantyre mu 1876, ndipo makalaliki ndi aphunzitsi ambiri a nthawi ya atsamunda anadutsa m'manja mwawo. Ansembe a chipani cha Montfort anafika ku Nzama ku Ntcheu mu 1901, a White Fathers nkukhazikika ku Mua mu 1902, ndipo anadzaza midzi ndi timasukulu ting'onoting'ono ta kuwerenga ndi katekisimu, koma amene ankapita patali kwenikweni anali a ku seminale. Nanga mnyamata amene unsembe sakuufuna koma mutu ukugwira, apite kuti? Yankho lake linali Zomba Catholic. Anaiyamba ndi a Montfort, poti chigawo cha kummwera chinali chawo, kenako chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950 inapita m'manja mwa ma Brother a Marist, amene anafika m'dziko muno mu 1946 nkuyambira ku Mtendere ku Dedza. Ndi omwewo a Likuni Boys, ndi omwewo a Marist Secondary ya ku Dedza ija imatchuka nthawi ya zotsatira.

Anthu ambiri amawasokoneza ndi ansembe, achemwali anga mpaka lero amati abambo. Ma Brother sachita Misa, salapitsa, ndi anthu oti analumbira kusakwatira, umphawi ndi kumvera, ndipo ntchito yawo yeniyeni ndi choko. Chipani chawo anachiyambitsa ndi Marcellin Champagnat ku France mu 1817, wansembe wa kumudzi amene iye mwini sukulu inamuvutapo ali mwana, ndipo chinamukhudza ndi ana a m'midzi amene ankakula osadziwa kuwerenga olo za Mulungu zimene. Papa John Paul II anamulengeza kukhala woyera mu 1999, tsiku lake ndi 6 June. Mfundo yake imene amakonda kuibwereza ndi yakuti mwana sungamuphunzitse usanamukonde, ndipo cholinga nkutulutsa mkhristu wabwino amenenso ali nzika yabwino. Ine mawu okoma a pa chikwangwani sindiwatengera kwenikweni, sukulu iliyonse ili nawo, olo ija ya kuseri kwa bala ili ndi motto. Chimene ndinaona kuti chikugwira ntchito ndi chakuti sukulu ili ndi mwini wake. Pali anthu oti moyo wawo wonse ndi sukuluyo, alibe geni ina ku tauni, ndipo mwana amadziwa kuti pali diso. Aphunzitsi ambiri masiku ano ndi anthu wamba a mabanja awo, ma Brother si ochuluka ngati kale, koma chikhalidwe chinakhazikika ndipo wobwera amachipeza.

Za anthu amene anadutsa kumeneko ma old boy akupatsani mndandanda wautali, ine ndingotchula awiri amene aliyense wa Literature amawadziwa, Jack Mapanje ndi Steve Chimombo. Onse anadzaphunzitsa pa Chancellor College m'tauni momwemo, ndipo Mapanje uja boma la nthawi imeneyo linamutsekera ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991, Mikuyuyo ili m'boma lomwelo la Zomba, sukulu apa, koleji apa, ndende apo. Nde amene amati sukulu za mishoni zimatulutsa anthu ongoti inde bwana aganizenso bwino.

Kalowedwe kake nkofunika mumvetse chifukwa mpamene anthu amapusitsidwa. Iyi ndi national secondary school, komanso ndi ija amati grant-aided, eni ake ndi mpingo koma boma limaikapo dzanja ndipo ana ambiri amasankhidwa kuchokera ku zotsatira za MANEB, m'maboma onse kuyambira ku Chitipa mpaka ku Nsanje. Pansi pake pali ma district boarding, ma day, kenako ma CDSS athu aja amene ana ambiri a dziko lino amathera. Chiyambire pulaimale yaulere mu 1994 ana olemba Sitandade 8 anachuluka zedi koma malo a ku national sanakule motero, nde mpikisano wake ndi woopsa. Akakuimbirani munthu kuti tumizani kenakake pa Mpamba ndikupezereni malo ku Box 2, dulani foni. Funso lililonse la malo kafunseni ku ofesi ya sukulu kapena ku ofesi ya zamaphunziro, maso ndi maso, ndipo ndalama iliyonse ikhale ndi lisiti.

Tsopano chinthu chimene palibe anatichenjeza, ndipo ndi chimene ndalembera zonsezi. Mwana wathuyu kwawo anali mfumu. Kuyambira Sitandade 3 nambala wani, aphunzitsi akumutuma kukalemba notsi pa bolodi, mudzi wonse ukumutcha adokotala. Teremu yoyamba nditapita kukamuona ndinamupeza shati ikumukhuthukira, tinagula yaikulu dala kuti akule nayo, ndipo nkhope sinali ija ndimaidziwa. Ndinamufunsa kuti akukuvutitsa? Akuti ayi. Njala? Akuti ayi. Kenako anangoti, "Ankolo, kuno aliyense ndi nambala wani." Mayeso oyamba anali atatuluka ndipo iye anali chakumunsi, kwa nthawi yoyamba m'moyo wake. M'kalasi mwake munali ana oti achokera ku ma private a m'tauni, Chingerezi chikungotuluka m'mphuno, ena Maths ya Fomu 2 anaiona kale, iye wochokera kumene buku limodzi amagawana anthu asanu. Anali atayamba kudziona ngati anabwera molakwika, mwina dzina lake linalowa mwangozi.

Apa mpamene kholo mungaononge zinthu. Achemwali anga ataona lipoti anafuna kumukalipira pa foni kuti wayamba zibwana, ine ndinawaletsa, ndinati achemwali, mwanayu sanatsike, angomuika pakati pa anzake ofanana naye. Nambala ya ku Box 2 musamaiyerekeze ndi nambala ya ku pulaimale ya kwanu. Yang'anani mamalikisi, yang'anani ngati akukwera teremu ndi teremu. Ndipo chimene chinamudzutsa mwanayu si ine, si ma Brother kwenikweni, ndi anzake omwewo amene anamuopsa poyamba. Pamalo poti aliyense akuwerenga, kusawerenga ndi kumene kumachititsa manyazi. Ku sukulu zambiri zimene ine ndikuzidziwa mwana wokonda mabuku ndi amene amasekedwa, amabisa kope kuti asamutche wodzimva, uku zinthu ndi zotembenuka, dolo ndi amene wathana ndi funso la Physics limene lakanika kalasi yonse. Ndalama yanu mukugula zimenezo. Nyumba, mabedi, nsima, zimenezo mungazipeze kwina, mwina zabwino kuposa apa, koma gulu la anyamata ngati limenelo silipezeka pa msika.

Holide ya Fomu 3 anabwera kwathu ndipo usiku wina ndinadzuka nditaona kuwala pa balaza, ndimayesa taiwala kuzimitsa. Ndinamupeza ali pa tebulo tambala asanalire, mapazi ali m'beseni la madzi ozizira kuti tulo tisamugwire, patsogolo pake mulu wa ma past paper a MANEB omangidwa ndi ulusi, mapepala ofiirira, m'mphepete muli zolemba za anthu osiyanasiyana, wina bolopeni ya buluu, wina yakuda, wina pensulo, wina walemba kuti njira iyi ndi yaitali onani kuseri. Akuti anamusiyira wa Fomu 4 amene nayenso anasiyiridwa ndi wina. Ndinamuuza kuti za beseni zo asiye adwala nazo, koma mapepala aja ndinawagwira ndithu nkuwaona bwinobwino, chifukwa pa CDSS pathu past paper imodzi tinkaiona ili m'manja mwa aphunzitsi basi.

Moyo wa tsiku ndi tsiku ndi wa belu. Kudzuka m'mamawa, kusamba, kukonza pogona, ntchito za panja, kalasi, chakudya, masewero, prep, kugona, mawa chimodzimodzi. Mwana amene kwawo amadzuka nthawi imene wafuna, wantchito atamuchapira mpaka sokosi, masabata oyamba alira, musadabwe. Amachapa yekha, amasita yekha, amasesa, amatchetcha. Ena amadandaula kuti tinatumiza mwana kukaphunzira osati kukagwira ganyu, ine ndimangowayang'ana. Wathuyu pobwera holide yoyamba anatenga chitchetcho osatumidwa nkuyeretsa kuseri konse, mayi ake aang'ono mpaka anandifunsa kuti kodi walakwa chani akufuna kupepesa. Chakudya ndi cha ku boarding monga mukuchidziwa dziko lonse lino, phala, nsima, nyemba, kabichi, za nyama mwa apo ndi apo, palibe amapita ku boarding kukanenepa. Mukamutumizira chiponde, shuga, timabisiketi ndi ka Sobo mwamuthandiza kwambiri. Ndipo Zomba kumazizira, sukulu ili m'munsi mwa phiri, June ndi July mphepo yake si yamasewera makamaka kwa mwana wochokera ku Chikwawa kapena ku Mangochi, bulangete mugule lenileni osati tija topyapyala.

Kukamuona mwana musapite ndi chakudya cha munthu mmodzi. Ine ulendo woyamba ndinanyamula kakontena ka mpunga ndi nkhuku ndikuganiza kuti adya yekha akhute, iye anangoti dikirani ankolo, nkuthamanga, pobwera ali ndi anzake atatu. Wina kwawo ku Karonga, makolo ake sangakwanitse kubwera pakati pa teremu, wina wa ku Nsanje, wina wa ku Ntchisi. Anasamba m'manja, wa ku Karonga uja nkupemphera, nkhuku ija anaigawana mwachilungamo mpaka khosi, ndipo akudya akuphunzitsana kutukwanizana mwa nthabwala m'Chitumbuka ndi m'Chisena. Ine kukula konse anthu a kumpoto ndinkangowamvera m'nkhani za ndale, mwanayu pa zaka 14 anali atagona nawo chipinda chimodzi, akubwerekana sopo. Ubwino wa national school umenewo anthu sautchula kawirikawiri.

Za mapemphero, poti ambiri amafunsa. Inde ndi sukulu ya Katolika ndipo sabisa, kuli Misa, kuli mapemphero, mwezi wa kolona umadziwika, nyengo ya Lenti imadziwika. Koma poti ana ambiri amasankhidwa ndi boma, kumapezeka a CCAP, a Anglican, a Seventh Day, a Pentekosite, Asilamu, onse. Ife kwathu si Akatolika ndipo achemwali ankaopa kuti mwana abwerako ali ndi kolona m'khosi akufuna unsembe. Anabwerako ali wa mpingo wake womwewo, kungoti nyimbo za Misa amazidziwa ndipo akamasamba amaziimba mokweza. Iyi si seminale, seminale yaing'ono ya dayosizi ya Zomba ili ku Nankhunda, imeneyo ndi nkhani ina. Langizo langa nlakuti ngati mpingo wanu uli ndi malamulo okhwima pa tsiku lopembedza kapena pa zakudya, kakambiraneni ndi akuluakulu a sukulu mwana asanayambe, musadikire kuti zidzabuke pakati pa teremu. Ndipo ngati mumadana nazo kwambiri zoti mwana wanu azimva Tikuoneni Maria, ganizani bwino musanavomere malowo, chifukwa simungapite pa sukulu ya eni ake nkukawauza kuti asiye kupemphera.

Nkhani ya anyamata okhaokha ine ndili pakati. Mbali ina zimathandiza, pa msinkhu umenewo mnyamata akakhala ndi mtsikana pa desiki yoyandikana theka la mutu limakhala kumeneko, amaopa kufunsa funso kuti angaoneke mbuli. Kopanda atsikana amafunsa, amalakwitsa, amaimba kwaya, amasewera drama mpaka kuvala chitenje kukhala mayi popanda wochita manyazi. Mbali inayi, zaka folo osaphunzira kukhala ndi mtsikana ngati mnzako wamba wa m'kalasi zili ndi mtengo wake, ena akafika ku yunivesite amabalalika chaka choyamba chomwe, ena amaona mtsikana aliyense ngati chinthu chodabwitsa. Si kuti ku Zomba kulibe atsikana, St Mary's ili m'tauni momwemo ndipo dzina limenelo likangotchulidwa wathuyu amayamba kumwetulira yekha, koma kuonana pa zochitika za sukulu si chimodzimodzi ndi kupikisana pa Maths tsiku ndi tsiku nkugonja kwa mtsikana, zimene ndikuona kuti mnyamata aliyense zimamuthandiza. Apa ntchito ndi yanu makolo pa holide, azikhala ndi alongo ake, azitsuka nawo mbale, asamadzione ngati bwana chifukwa ali ku Box 2.

Ndalama. Sinditchula fizi chifukwa mmene kwacha ikuyendera zimene ndinalipira ine zingokusokeretsani, funsani ku sukulu za chaka chino. Chimene ndinganene nchakuti poyerekeza ndi ma private a boarding amene amatulutsa zotsatira zofanana, kuno nkotsika, koma kwa mlimi wa kumudzi amene mwana wake wasankhidwa ndi phiri ndithu. Ndipo teremu yoyamba ndi imene imapha, chifukwa pamwamba pa fizi pali yunifolomu, nsapato, zofunda, neti, ndowa, sutikesi, maloko, makope, kalkuleta ya sayansi, seti ya Maths, thiransipoti. Tsatirani mndandanda umene sukulu yakupatsani, musamvere za m'magulu a WhatsApp. Ine ndinagula sutikesi pa shopu ina mu Limbe, mwini wake akulumbira kuti ndi orijino, zipi inathothoka tisanafike ndi pa Namadzi pomwe, tinalowa mu Zomba titaimanga ndi lamba wanga. Gulani chinthu cholimba kamodzi, ndipo chilichonse mulembepo dzina ndi maka osafufutika, mpaka ndowa ndi supuni, anyamata mazana akakhala pamodzi zinthu zimasochera zokha popanda wakuba.

Pocket money musamupatse yambiri. Ndikudziwa mtima wa kholo, umafuna mwana asaoneke wosauka pakati pa anzake, koma mwana wa ndalama zambiri ku boarding amapeza anzake olakwika msanga. Foni musamubisire m'chikwama, malamulo a sukulu pa zimenezi muwawerenge ndipo muwatsate, makolo ena ndi amene amaphunzitsa ana kuzemba malamulo kenako nkumadabwa mwana akabwezedwa kunyumba. Za teasing ndinamufunsa kangapo mwanayu mwamseri, poti mbiri ya ma boarding a anyamata m'dziko muno tonse tikuidziwa, iye amangoseka nkuti a Fomu 1 amatumidwa basi. Komabe mwana wanu muzimufunsa, ndipo muzimufunsa muli awiri, osati pamaso pa anzake.

Kuti muone chifukwa chake ndikuitama, wanga weniweni wobereka ndinamuika pa private ina yake mu Blantyre, dzina ndisunge. Fizi yokwera kuposa, bulosha yokongola, basi ya sukulu yopentedwa bwino. Chaka chimodzi aphunzitsi a Biology anasintha mpaka ndinasiya kuwerenga, wina wathawa malipiro, wina wapeza ntchito ku NGO, labu inali chipinda chokhala ndi matebulo ndi chithunzi cha mafupa a munthu pakhoma, prep inali yoti amene wafuna. Ana awiriwa nzeru zawo sizisiyana kwenikweni, ndawalera ndine, koma pofika Fomu 4 wina anali atagwirapo zida za mu labu ndi manja ake, wina anangoziona zojambulidwa m'buku. Practical ya MSCE simungainamize.

Zotsatira nde zimadziyankhulira. Pa MSCE amawerenga maphunziro sikisi amene mwana wakhoza bwino, 1 ndi 2 ndi distinction, 3 mpaka 6 credit, nde ma points akachepa mpamene pali bwino, 6 ndiye mapeto. Dziko lonse zaka zambiri okhoza amangopitirira theka pang'ono, koma MANEB ikamatchula sukulu zimene zachita bwino Zomba Catholic imamveka kawirikawiri, pamodzi ndi zinzake za mishoni. Ndipo kumeneko nkhani sikhala yakuti wakhoza kapena walakwa, nkhani imakhala ma points angati ndipo NCHE, bungwe loyendetsa selekishoni ya ku mayunivesite a boma, ikutumiza kuti, KUHeS, MUBAS, MUST, LUANAR, Mzuni kapena UNIMA pompo pa Chirunga. Wathuyu anakhoza bwino, ali ku yunivesite pano, udokotala uja mudzi unamulosera sanaupeze ndipo anakhumudwa sabata yathunthu ndi ma points oti ine ndikanawapeza bwenzi nditaphetsa ng'ombe. Ichinso muchidziwe, kupanikizika kulipo, ana amadziyerekeza ndi anzake kwambiri, nde mwana wanu akakhala wa mtima wosachedwa kusweka muzimuyankhula pafupipafupi, osangofunsa mamalikisi okha.

Nyenyezi ndikupereka 4 pa 5. Imodzi ndaibweza osati chifukwa cha chimene anatilakwira, palibe, koma chifukwa sindingapereke zonse kwa chinthu chimene ana ambiri a dziko lino sangachifike olo atalimbikira bwanji. Kuyambira 1942 mpaka lero nkhani ikadali yomweyo ya malo ochepa, ndipo amene amawapeza kwambiri ndi ana amene anayamba kale bwino, a ku pulaimale zabwino, a makolo otha kulipira part time. Pena ndimaganiza kuti tikamaombera m'manja Box 2 timaiwala kufunsa kuti bwanji sukulu zoterezi zikadali zowerengeka pa zala. Ma old boy amene muli m'maofesi akuluakulu, mumasonkha zokonzera sukulu yanu, zikomo, koma ka CDSS kali pafupi ndi kwanu kalibe olo maikulosikopu imodzi.

Amene dzina latuluka, pitani, musazengereze, ndipo ngati fizi yavuta musangokhala pakhomo mwana nkutaya malo, pitani mukaonane ndi a hedi mufotokoze, fufuzaninso za ma bursary ku ofesi ya DC ndi ku parishi kapena ku mpingo kwanu nthawi ikadalipo. Tsiku lotsegulira nyamukani m'mamawa, ma minibasi a Limbe–Zomba amadzaza ndi ana a sukulu ndipo makondakitala akaona sutikesi ndi ndowa mtengo umakwera pompo, nde mtengo wa katundu mugwirizane musanakwere.